Za MASM zija, msuweni

Eee, msuweni, wadzuka? Ndauona uthenga wako wa usiku uja, woti pakati pa MASM ndi MedHealth, ma inshuwalansi a zachipatala aja, yabwino ndi iti. Ndikuyankha ndi mawu, kulemba kunditayitsa nthawi. Phokosolo upirire, ndili pa depoti.

Koma iwe, funso lobwera 11 koloko usiku? Iwe amene ngakhale Panado umakana, umati mutu umapola wokha? Za inshuwalansi wayamba kuziganizira liti? Ayi, ine si mwana. Azakhali BP yakweranso eti? Ndi shuga uja. Usayankhe pagulu lathu la abale pano ngati sukufuna, koma ndamva kale mmene wafunsiramo.

Chabwino, za makhadi a inshuwalansiwo ndikuuze pang'ono. Ku MASM kuli magawo, Econo, Executive, VIP, ndalama ya pamwezi imasiyana, zipatala zomwe ungapite nazonso zimasiyana. Enawo amachitanso chimodzimodzi, mayina okha. Chomwe anthu safunsa... dikira, galimoto idutse... chomwe safunsa n'choti khadi siyamba kugwira ntchito pa zonse tsiku lomwe walembetsa. Pali miyezi yodikira. Ndiye munthu wachikulire, wolowa ali kale ndi matenda ake, amamuona mosiyana ndi iwe wa magazi otenthawe. Komanso pali ija amati shortfall, wapereka khadi bwinobwino koma pa kauntala akuti onjezerani mwakuti. Ndipo pa chaka pali malire, ikakwana yakwana.

Zikundikumbutsa amalume ako. Bambo anga aang'ono, eya, omwewo, a jekete la bulauni. Paja iwe unali ku sukulu nthawi imeneyo, sunaione bwino nkhani yake. Iwo aja ali pa ntchito kampani inkawalipirira khadi, theka kampani theka iwo, imadulidwa ku malipiro osaiona n'komwe. Atapuma ntchito khadi anapita nayo kumudzi. Anaikulunga mu pulasitiki, n'kuika m'Baibulo, pa Masalimo. Aliyense wodwala m'mudzi muja iwo, "Inu mukavutika pa mzere, ife tili ndi khadi." Mpaka agogo anawatcha a Khadi, ukukumbuka?

Ndiye litawagwira vuto la mkodzo lija, tinawauza kuti tiyeni kuchipatala cha boma, akatipatse kalata yotumizira ku Central. Anakana. Akuti ine ndikagone pa wodi ya aliyense? Anavala jekete, tayi, nsapato zopolisha, munthu akulephera kukhala pansi ndi ululu koma tayi ali nayo. Tinakwera nawo mpaka m'tauni, chipatala cholipira, sinditchula. Afika pa kauntala, atulutsa khadi mu pulasitiki muja mwaulemu wake wonse. Mtsikana uja wagogoda pa kompyuta, wayang'ana, wagogodanso. "Bambo, iyi inasiya kalekale, palibe amene akulipira." Iwo, "Mwana iwe, ndagwira ntchito zaka zambiri usanabadwe." Hahaha! Ine ndinangoyang'ana pansi. Ayi, sizoseketsa, koma msuweni, nkhope ija.

Nanga anabwerera? Manyazi. Anati ndilipira ndekha. Anatumiza uthenga kumudzi, ngolo inagulitsidwa sabata yomweyo, pamtengo wa munthu wothamangitsidwa. Sizinakwane. Anakatenga katapila kwa mphunzitsi uja... ayi, sanali mphunzitsi, anali wa chigayo uja, mphunzitsi anali mboni chabe. Ndalama yonseyo inathera kuyeza, sikani, kugona masiku angapo. Opaleshoni yeniyeniyo anakachitira kuti? Ku boma komwe ankakana kuja, ulere. Anadikira, eya, anadikira ndithu, ndipo mankhwala ena tinkagula tokha ku famase, koma anachira. Ng'ombe ziwiri zija zinatsatira ngolo chifukwa cha katapila. Ndipo chondipweteka mpaka lero, inshuwalansi ya maliro ankalipira mwezi uliwonse osaphonya. Bokosi linali lokonzeka, koma ya mankhwala analibe. Ndipo ali moyo mpaka pano, akudya nsima kuposa iwe ndi ine.

Ndimati chiyani paja? Eya, azakhali.

Tamvera. Matenda a azakhali si ogona nawo m'chipatala kamodzi n'kuthana nawo. Ndi a mwezi ndi mwezi. Ku chipatala cha boma kuli tsiku la a BP ndi shuga, amayeza, amalemba m'kabuku kawo kaja, mankhwala akakhalapo amapereka ulere. Ndalama imapita pa thiransipoti, pa mwezi womwe auzidwa kuti mankhwala atha kaguleni, ndi pa usiku womwe zavuta muthamangire ku mishoni chifukwa ndiko kufupi. Za mishoni zija, za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zimalipiritsa. Pena pali mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono asalipire, koma azakhali mimba anasiya kale, usawaike pamenepo. Ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha mu November 2023, kuja inatsika ndi 44 peresenti, mtengo wa ku famase umaudziwa wekha, ndiwe umagula.

Ndiwe umagula. Ndi pamene ndimafuna kufika. Iwe sukufuna khadi, msuweni, watopa kulipira wekha, ndipo ukuchita manyazi kutiuza. Ukuganiza kuti ukapeza kampani yoti uziipatsa ndalama mwakachetechete ndiye kuti sudzapemphanso munthu. Ayi. Pagulu pano tilipo angati? Ena ali ku Joni, amangotumiza zithunzi za nyama yowotcha Lamlungu. Eya, achimwene, ndikunena inu, ndikudziwa mukumvera. Tizisonkha mwezi uliwonse, aliyense mmene angathere, pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba, ngati mmene amachitira amayi ku banki m'khonde, koma iyi yosabwereketsa. Ya mankhwala basi. Osati ya ukwati, osati ya fetereza.

Khadiyo ngati ukuifunabe, funa yako. Funsa kuntchito kwanu ngati ali ndi sikimu, chifukwa ya kudzera kuntchito bwana amathandizako. Ukafunsenso ngati amalola kuikapo kholo, zaka zake mpaka zingati, matenda olowa nawo amawatani, kudikira miyezi ingati. Akuuze zolembedwa, osati zapakamwa. Zikakhala bwino, thumba lomwelo lizilipira.

Koma choyamba ndi chija ndanena, usamasenze wekha. Azakhali analera tonse, ine ndinadya nsima yawo zaka zonse za ku sekondale. Tisonkhe. Wamva? Tisonkhe, ndipo wosunga asakhale iwe, ndimakudziwa ukaona nsapato. Ndikuseka. Ayi, sindikuseka, asunge achemwali. Minibasi yanga yadzaza, tikambirana madzulo.