Nkhope yotuwa m'nyengo ya mwera: yankho kwa mayi wa ku Santhe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Santhe, kuno ku Kasungu. Iwo akuti chiyambire mwezi wa June nkhope yawo ikutuwa, ikumanyerenyetsa akangosukusula, ndipo m'mbali mwa mphuno ndi pamasaya khungu likusupuka tizidutswa toyera ngati gaga. Amasamba madzi otentha kwambiri m'mawa ndi madzulo, amakhula nkhope ndi chinkhupule ndi sopo yemweyo amene amachapira zovala, kenako amadzola gilisalini, koma nthawi ya buleki isanakwane nkhope imakhala itatuwanso mbuu. Akufunsa kuti agule mafuta ati, ndiponso azichita chiyani tsiku ndi tsiku.

Mayi, zikomo chifukwa cholemba mosabisa kanthu, pakuti yankho lili m'kalata yanu momwemo. Ine ndikuona kuti vuto lalikulu silili pa mafuta amene mukusowa, koma pa kasukusulidwe kanu. Pamwamba penipeni pa khungu pali kachikopa kopyapyala kopangidwa ndi maselo omatidwa ndi mafuta achilengedwe, monga mmene matope amagwirira njerwa pakhoma, ndipo ntchito ya kachikopako ndi kusunga madzi kuti asathawe m'thupi. Madzi otentha amasungunula mafutawo, sopo wochapira zovala amawachotseratu chifukwa anapangidwa kuti azichotsa mafuta pansalu, ndipo chinkhupule chimapala zotsalazo. Mukatero mumatuluka panja n'kukumana ndi mphepo youma ya mwera, fumbi la mumsewu ndi fumbi la choko m'kalasi, khungu lili lopanda chotchinga. Tizidutswa toyera timene mukulimbana nato si litsiro ayi, ndi khungu lanu lomwe likusweka, ndipo mukamakhula mwamphamvu m'pamene timachuluka.

Choncho m'mawa sukusulani ndi madzi ofunda pang'ono, oti mukhoza kusambitsira khanda, ndipo gwiritsani ntchito zala zanu zokha. Ngati munasukusula bwino usiku, m'mawa sopo safunika n'komwe. Ndikudziwa kuti mu July, pamene ngakhale chitsulo cha mjigo chimaluma m'manja ndi kuzizira, munthu amafuna madzi otuluka nthunzi, koma patulani kaye madzi a kunkhope m'kabeseni musanathire otenthawo. Mukatha musapukute mpaka kuuma gwaa. Ingogunditsani tawulo pang'onopang'ono, nkhope ikhale ya chinyezi.

Apa m'pamene pagona nkhani ya gilisalini, amene ambiri timamudalira koma sitimudziwa bwino. Gilisalini si mafuta kwenikweni. Ntchito yake ndi kukoka madzi ndi kuwagwira, ndiye chifukwa chake amamata m'manja. Mukamudzola yekha, wosasungunula, pankhope youma kale komanso nyengo ili youma chonchi, amasowa madzi oti agwire, amangonyezimira kwa kanthawi n'kuitana fumbi, ndipo kwa ena amawotcha pamene khungu lasweka. Donthezani madontho awiri kapena atatu pachikhato, onjezani madzi oyera pang'ono, tikitani manja, kenako pakani pankhope yonyowayo. Pamwamba pake pafunika chovundikira kuti chinyezicho chisauluke, ndipo pa ntchito imeneyi ndi zinthu zochepa zimene zimaposa Vaseline wamba wosanunkhira, amene amapezeka ngakhale pa okala ya m'mudzi. Tengani wochepa ngati njere ya mtedza, musungunuleni pakati pa zala, ndipo mupake mopyapyala pamasaya, m'mbali mwa mphuno ndi pamilomo. Amene amatuluka ziphuphu kawirikawiri asapake pamphumi ndi pachibwano, koma agwiritse ntchito kirimu wopepuka wopanda fungo. Mukamagula kirimu, werengani zolembedwa kuseri kwa botolo, ndipo mukaona mawu akuti glycerin, urea kapena ceramides, dziwani kuti ndi woyenera khungu louma. Mtengo wokwera ndi fungo lokoma sizinena chilichonse za ntchito yake.

Za dzuwa ndinenepo mwachidule. Khungu lakuda limatetezeka pang'ono mwachilengedwe, komabe dzuwa la September ndi October limadetsa mabala ndi zipsera. Ngati thumba likulola, mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa apo (nambala yosonyeza mphamvu ya chitetezo chake) akhale omalizira kudzola m'mawa, ndipo ngati silikulola, chipewa cha mlomo waukulu kapena ambulera zikuthandizani pa ulendo wa ku sukulu.

Madzulo ndiyo nthawi ya sopo, chifukwa fumbi ndi thukuta la tsiku lonse ziyenera kuchoka. Sankhani sopo wofewa wosambira, wopanda fungo lamphamvu, ndipo mutsukuluze bwinobwino, makamaka ngati madzi a mjigo wanu ndi aja amchere amene sopo satulutsa thovu msanga, popeza madzi otere amasiya zotsalira za sopo pakhungu. Kenako bwerezani zomwezo, gilisalini wosungunula ndi Vaseline, nkhope isanaume. Mukamawotha moto kapena mbaula musayandikize nkhope, pakuti kutenthako kumaumitsa khungu mofanana ndi madzi otentha aja.

Pali zinthu zimene ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musayese, ngakhale anzanu akulimbikitseni motani. Mandimu, soda ndi mankhwala otsukira mano zimawotcha khungu losweka ndipo zimasiya madontho akuda. Choopsa koposa ndi mafuta oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika, omwe ambiri amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol. Masabata oyamba nkhope imaoneka yosalala, koma pambuyo pake khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimabuka, ndipo mercury amawononganso impso. Ndinaonapo mtsikana wina pa depoti ya Kasungu masaya ake atada bii ngati opsa ndi moto pamene mphumi ili yofiira, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka, chifukwa nayenso mwina anayamba n'kufuna kuthetsa kutuwa basi.

Khungu limatenga pafupifupi masabata 4 kuti lidzikonzenso, choncho musasinthe njira pakangotha masiku atatu. Mwezi ukatha koma nkhope ikuyabwabe, ikutuluka madzi, ikung'ambika mpaka magazi, kapena mwaona mabala ozungulira okhala ngati zipere, chimenecho chingakhale chikanga kapena matenda ena ofuna mankhwala ake. Pitani ku chipatala cha boma ku Kasungu, ndipo pakafunika kutero adzakutumizani kwa madokotala a khungu ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Popita mutenge sopo ndi mafuta onse amene mwakhala mukudzola kuti adokotala akaone zolembedwa pamabotolo ake.