Funsani za masewera: leshy, kamunthu ka chomera mu Pathfinder

Akonzi, gulu lathu limasewera Pathfinder, masewera a patebulo a nthano ndi madayisi, Loweruka lililonse, ndipo ine ndasankha kukhala leshy chifukwa zithunzi zake zinandikopa. Anzanga akuti ndaphonya: kamunthu ka masamba kadzapserera moto ukangoyaka, komanso n'kofooka. Ndisinthe? Ngati ayi, ndikapange bwanji kuti kalimbe?

Musasinthe. Anzanuwo asokoneza zinthu ziwiri. Ma leshy ena amene woyendetsa masewera amawatulutsa m'nkhalango ndiwo amavulala mowonjezera ndi moto. Leshy wa wosewera alibe vuto limenelo, moto umamupweteka chimodzimodzi ndi wina aliyense patebulopo.

Mu Golarion, dziko longopeka la Pathfinder, leshy ndi mzimu wa chilengedwe umene wapatsidwa thupi la zomera, kawirikawiri kudzera mu mwambo wa druid, wamatsenga wa zachilengedwe. Thupi likawonongeka, mzimuwo umabwerera ku chilengedwe. Kampani ya Paizo, yopanga masewerawa, inalola anthu kusewera ngati leshy mu 2019, ndipo mu 2023 inamuika pakati pa mitundu yoyambira m'buku la malamulo la Player Core.

Tsopano manambala. Leshy amabwera ndi mapointi a moyo 8, ndipo akasuntha kamodzi amayenda timabokosi 5 pa mapu. Amapatsidwa +1 pa Constitution (kulimba kwa thupi), +1 pa Wisdom (kuzindikira zinthu), +1 ina yoika pomwe mufuna, kenako amachotsedwa 1 pa Intelligence (nzeru zophunzirira). Kuchepa msinkhu sikuchepetsa ukali wa chida. Nkhwangwa yake imatema ngati ya munthu wamtali.

Ngati mukufuna druid, chitani chonchi. +1 yosankha ija muiike pa Dexterity (changu cha thupi). Pa mbiri ya moyo wake tengani Herbalist (wodziwa zitsamba), muwonjezere Wisdom ndi Dexterity. Udruid womwewo ukupatsani +1 ina pa Wisdom. Ma +1 anayi omaliza amene aliyense amapatsidwa apite ku Wisdom, Dexterity, Constitution ndi Intelligence. Mutuluka ndi Wisdom +4, Dexterity +3, Constitution +2, zotsalazo 0. Moyo wake ndi 8 wa mtundu, 8 wa druid ndi 2 wa Constitution, zonse pamodzi 18.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa Intelligence. Amaisiya pa -1 poganiza kuti druid saifuna, osadziwa kuti maluso owonjezera a druid amawerengedwa 2 kuphatikiza Intelligence. Mukaisiya choncho mutaya luso limodzi losankha nokha, pamene pali maluso ofunika ngati Medicine (kuchiza) ndi Stealth (kubisala). Ife tingatenge zonse ziwiri.

Woyendetsa masewera athu watilowetsa m'mapanga a pansi pa nthaka, ndipo akuti leshy wanga wayamba kufa ndi njala pa tsiku lachitatu. Akunena zoona?

Wafulumira. Leshy amene amadya dzuwa amayamba kumva njala pakatha sabata yathunthu osaliona. Muonetseni ndime ya Plant Nourishment. Malamulo onse ali ulere pa intaneti, pa Archives of Nethys.

Komabe musatayirire, chifukwa ulendo wa m'mapanga umatalika. Pali mabotolo a kuwala kwa dzuwa amene amalowa m'malo mwa kamba, koma mtengo wake ndi wowirikiza ka 10: kamba wamba wa sabata ndi ndalama zasiliva 4, mabotolowo ndi 40. Kwa wosewera wa levulo yoyamba, amene amayamba ndi zagolide 15, imeneyo ndi ndalama yoti n'kukanda mutu. Gulani musanalowe, pansi kulibe sitolo.

Nkhani yonse ikakhala ya mumdima, vutoli limathetsedwa popanga munthu wanuyo. Leshy wa bowa sadalira dzuwa, amadya zowola, komanso amaona mumdima wandiweyani pamene ma leshy ena amaona m'chisisira mokha. Leshy wa mizu amapirira masabata 2, amayamba ndi moyo 10 m'malo mwa 8, ndipo n'kovuta kumukankha kapena kumugwetsa. Druid wa m'yankho lapitalo akanakhala wa mizu akanayamba ndi 20.

Kusadya nsima sikutanthauza kusagona. Leshy amapumula maola 8 ngati anzake, amapuma mpweya, ndipo akavulala amamangidwa mabala ndi Medicine monga aliyense: mphindi 10, dayisi kuphatikiza luso la Medicine zifike 15, abwezeredwe moyo wa 2d8 (madayisi awiri a mbali 8).

Mwana wanga wa zaka 11 akufuna leshy wa mutu wa chipanda. Ndi zoseketsa chabe kapena kuli phindu?

Phindu lilipo, mayi, ndipo mwanayo ali ndi diso. Nzeru za leshy zili mu mzimu, choncho m'chipandamo muli mpata wosungira katundu wokwana 1 Bulk (muyezo wa katundu m'masewerawa), kapena tinthu topepuka 10. Wakuba akafuna kupisamo dzanja, nambala yoti aifikire imakwera ndi 4.

Chinsinsi n'choti musadzazemo. Mukakhala chinthu chimodzi chokha, leshy amachitulutsa ndi kuchigwiritsa ntchito nthawi imodzi. Wosewera ali ndi zochita zitatu pa mpata wake. Wina amawononga chimodzi kutulutsa botolo la mankhwala, china kumwa. Wa chipanda amawononga chimodzi basi, n'kutsala ndi ziwiri zothawira kapena kumenya. Ana amakonda kuponyamo timiyala, makiyi ndi zotolatola za m'njira, mwayiwo n'kutha. Muuzeni kuti m'mutumo muzikhala botolo limodzi, zinazo m'chikwama.