Zimbale za nyimbo za magemu: mmene mungadziwire chafeki musanalipire

Mmodzi mwa awerengi athu watilembera imelo iyi: "Ndapeza pa eBay zimbale zinayi za nyimbo za Final Fantasy VII, zosatsegula, pa madola 15 okha. Kumbuyo kwa chikuto kwalembedwa SM Records. Ndigule? Ndikufuna kuyamba kusonkhanitsa nyimbo za magemu, koma ndikuopa kupusitsidwa."

Achimwene, musagule. SM Records ndi SonMay, kampani ya ku Taiwan yomwe inkakopera zimbale za ku Japan popanda chilolezo. Inzake pa ntchito yomweyi ndi Ever Anime, Alion, Miya Records, K-O Records, Archer Records ndi Smile Face. Mukaona dzina lililonse mwa amenewa, nkhani yathera pomwepo. Makampaniwa anachuluka m'zaka za m'ma 1990 chifukwa Taiwan sinali m'pangano la Berne loteteza umwini wa zaluso, ndipo inadzalowa m'bungwe la zamalonda padziko lonse la WTO mu 2002. Zimbale zomwe anadinda nthawi imeneyo zikuzungulirabe m'misika ya pa intaneti, ndipo ogulitsa ena sadziwa n'komwe kuti agwira chafeki.

Poyambira penipeni ndi nambala ya chimbale. Pafupifupi chimbale chilichonse chogulitsidwa ku Japan chili ndi zilembo zingapo zotsatiridwa ndi manambala, zolembedwa pamsana pa chikuto, kumbuyo, komanso pachimbale penipenipo. Chomwe mukufunacho chinatuluka mu 1997 kudzera ku kampani ya DigiCube ndi nambala SSCX-10004. DigiCube inagwa mu 2003, ndipo mu 2004 Square Enix, kampani yomwe ndi mwini wa gemuyo, inachitulutsanso ndi nambala SQEX-10001~4. Kachizindikiro kopindika ndi 4 wakumapetoyo zikutanthauza kuti muli zimbale zinayi. Cha DigiCube ndi cha Square Enix, zonse ziwiri ndi zenizeni. Zilembo zoyambirira zimakuuzani kampani: KICA ndi King Records, VICL ndi Victor, LACA ndi Lantis, CPCA ndi Suleputer ya Capcom. Akuba nawo anali ndi zilembo zawo, zina zofananira ndi zenizeni: Alion inkalemba ALCA, Miya inkalemba MICA, Ever Anime inkalemba A8 kapena GM. Taonani kuyandikana kwa MICA ndi KICA, kapena ALCA ndi LACA. Munthu wothamanga sangazisiyanitse.

Musavutike kuloweza zonsezi. Tsegulani VGMdb, nkhokwe ya pa intaneti ya zimbale za magemu ndi makatuni a ku Japan, lembani nambala yomwe wogulitsa wakupatsani. Mupezamo tsiku lomwe chinatuluka, kampani, mtengo wake woyamba, chiwerengero cha nyimbo pachimbale chilichonse, ndi zithunzi za chikuto. Zafeki zambiri zilimonso, ndipo zalembedwa poyera kuti ndi zakuba. Wogulitsa akakana kutchula nambala, kapena akangoika chithunzi chakutsogolo chokha chotengedwa pa intaneti, musiyeni.

Kenako barcode. Ya ku Japan imayamba ndi 45 kapena 49. Ya ku Taiwan imayamba ndi 471. Chimbale chodzitcha cha ku Japan koma chili ndi 471 chadziulula chokha. Komabe 49 payekha sakukutsimikizirani kanthu, chifukwa okopera ena amajambula chikuto chonse, barcode ndi nambala yomwe. Zoterezi ndiye zovuta, ndipo apa mpofunika kupempha chithunzi cha kunsi kwa chimbale, mbali yonyezimira ija, chojambulidwa pafupi powala bwino.

Pozungulira bowo lapakati pali mzere wa timalemba tating'ono tomwe fakitale imadinda. Nthawi zambiri nambala ya chimbale imabwerezedwa pamenepo. Kuyambira 1994 mafakitale ambiri anayamba kuikapo zizindikiro ziwiri za IFPI, bungwe la makampani a nyimbo padziko lonse: china chili pamzere wonyezimirawo, chimayamba ndi IFPI L, china chinadindidwa m'pulasitiki yoonekera pafupi ndi bowo, ndipo chimafuna galasi lokuzira zinthu kuti muchiwerenge. Yerekezani zimenezi ndi zomwe osonkhanitsa ena analemba pa Discogs, tsamba la pa intaneti lolembapo ndi kugulitsirapo zimbale, kapena zithunzi za pa VGMdb. Mukapeza mzerewo uli ndi nambala yachilendo, kapena malo a IFPI akuoneka okandidwa dala, kayikirani. Koma chimbale cha 1991 chosakhala ndi IFPI chilibe mlandu, nthawiyo kunalibe. Ndipo kunsi kukakhala kobiriwira kapena kwabuluu, chimenecho n'chokoperedwa pa kompyuta, sichinadutse m'fakitale yodinda.

Anthu ambiri amakhulupirira kwambiri obi, kapepala kopyapyala kokulunga msana wa chikuto, komwe kamakhala ndi dzina, nambala ndi mtengo wa ma yen, ndalama ya ku Japan. Kali ndi phindu, chifukwa chimbale chakale chokhala ndi obi wake chimakwera mtengo. Koma si umboni. Eni ake ambiri ku Japan ankakataya atangotsegula, ndipo SonMay nayo inkasindikiza obi wakewake. Chomwe muyang'ane ndi mtengo wa ma yen ndi tsiku lotulukira, zomwe zenizeni zimasonyeza pa obi kapena kumbuyo, pamene okopera amakonda kuzifufuta n'kuikapo adiresi yawo. Chizindikiro cha JASRAC, bungwe la ku Japan loyang'anira umwini wa nyimbo, nacho chimodzimodzi: kupezeka kwake sikutsimikizira, kusowa kwake sikutsutsa, poti si nyimbo zonse za magemu zomwe umwini wake uli m'manja mwa bungweli.

Chikafika m'manja, kabuku kam'kati kamanena zambiri. Kafeki kamajambulidwa kuchokera ku kenikeni, ndiye timalemba tating'ono ta Chijapani timaoneka tofufuma m'mphepete, mtundu wakuda umatuwa, ndipo masamba a mawu a wopeka nyimbo amachepetsedwa kapena kuchotsedwa. Tinene mosabisa, phokoso la chafeki nthawi zambiri silisiyana ndi lenileni, popeza amakopera manambala a nyimbo momwe alili. Chimene mumataya ndi china. Wopeka ndi oyimba salandira kalikonse, ndipo tsiku lomwe mudzafune kugulitsa kapena kusinthana, palibe wosonkhanitsa amene adzachilandire. Discogs imaletsa kugulitsa zoterezi.

Pali zimbale zina zooneka zokayikitsa koma zili bwinobwino. Zomwe zimabwera m'bokosi la gemu ngati mphatso, kapena zomwe Club Nintendo inkapereka kwa mamembala ake, zilibe barcode chifukwa sizinapangidwire sitolo. Zina zili ndi chomata cha sitolo yobwereketsa zimbale, zina zalembedwa SAMPLE. N'zenizeni, kungoti mtengo wake uyenera kutsika. Palinso zimbale za okonda magemu omwe amayimbanso nyimbozo mwanjira yawo n'kugulitsa pa zionetsero ngati Comiket ndi M3 ku Tokyo. Zimenezo ndi ntchito yawo yatsopano, musaziphatikize ndi za SonMay.

Za kogula. Zatsopano, pitani ku CDJapan, Play-Asia kapena sitolo ya Square Enix yeniyeni. Pa Amazon onetsetsani kuti akugulitsa ndi Amazon mwini, osati munthu wongobwereka malo. Zakale zomwe zinasiya kudindidwa zimapezeka ku Suruga-ya, Mandarake, Yahoo! Auctions ndi Mercari ya ku Japan. Ogulitsa ambiri kumeneko satumiza kunja, choncho mumadzera kwa amkhalapakati monga Buyee kapena ZenMarket, omwe amagula m'malo mwanu, kusunga katundu, n'kumumanga m'phukusi limodzi. Sonkhanitsani zimbale zisanu kapena kuposerapo musanatumize, apo ayi mtengo wa ndege uposa wa chimbale. Lipirani njira yokhala ndi nambala yolondolera phukusi, pemphani kuti akulunge bwino chifukwa zikuto za zimbale zinayi zimasweka msanga pa timano togwira chimbale, ndipo muwerengeretu msonkho wolowetsa katundu m'dziko lomwe muli. Mukagula pa eBay, tsegulani phukusi tsiku lomwelo ndi kujambula zonse, poti muli ndi masiku 30 okha odandaulira.

Ku mbali ya vinyl, zimbale zazikulu zoyimbidwa ndi singano, makampani a Data Discs, Laced Records, iam8bit, Black Screen Records ndi Brave Wave amagwira ntchito ndi chilolezo, ndipo kumbuyo kwa chikuto amalemba dzina la mwini gemu ndi chizindikiro cha ©. Chenjerani kwambiri ndi vinyl ya magemu akale a Nintendo yopanda dzina la kampani yodinda, pakuti yambiri yotere ndi yakuba, ndipo simungadziwe komwe anatenga phokoso lake.

Ngati cholinga chanu n'kumvera chabe, masitolo a pa intaneti a Bandcamp ndi Steam amagulitsa mafayilo ovomerezeka, ndipo pa Bandcamp ndalama yambiri imapita kwa wotulutsa nyimboyo. Pa Final Fantasy VII yanuyo, sakani SQEX-10001~4. Imapezeka mosavuta kuposa ya DigiCube, ndipo nyimbo zonse 85 zilimo.