Tifunseni: zoti pakati pa Zambia panali nyanja yamchere nzoona?

FUNSO: Akulu, mwana wanga wa ku sekondale wabwera ndi nkhani yoti kalekale pakati pa Zambia panali nyanja yamchere, ati umboni wake ndi miyala. Ine ndangomuseka. Mwala suyankhula, ndiye asayansiwa amadziwa bwanji zaka zake ndi komwe unachokera, kapena amangolota? — Bambo wa ku Chipata

YANKHO: Bambo, mwanayo musamuseke, akunena zoona. Mwala umene akunenawo umatchedwa eclogite, ndi wolemera kwambiri komanso wokongola, wobiriwira koma uli ndi timadontho tofiira ta garnet.

Nkhani yake ili chonchi. Chikhungwa cha dziko lathuli ndi zidutswa zikuluzikulu zimene zimayenda pang'onopang'ono, masentimita ochepa chabe pa chaka, ndiye zikagundana chidutswa cha pansi pa nyanja chimalowa kunsi kwa chinzake n'kumamira, ngati mmene zikuchitikira panopa ku Japan ndi ku Chile, nchifukwa chake zivomezi sizitha kumeneko. Mwala wa pansi pa nyanja, basalt, ukamira chonchi umapanikizika koopsa n'kusinthiratu, ngati dongo lolowa mu uvuni n'kutuluka njerwa. Ndiye eclogite ameneyo. Miyala ina yochepa imakankhidwanso kubwerera kumtunda, ndi imene timatolayi.

Tsono ku labu amaufunsa mwalawo zinthu zingapo. Kuti unafika pati pansipo, amayang'ana timibulu timene tili mkati mwake chifukwa kamtundu kalikonse kamapangika pa kupanikizika ndi kutentha kwakekwake. Miyala ya ku Zambia ija ikuonetsa kuti inamira mpaka makilomita pafupifupi 90, koma sinatenthe kwambiri poyerekeza ndi kuya koteroko, ndipo apa mpamene pali umboni weniweni, chifukwa chinthu chofika kuya chonchi chikadali chozizirirapo ndi chidutswa chomira basi. Akaupera n'kuyeza makemikolo ake amapeza kuti akufanana ndi basalt amene amatuluka pakati pa nyanja zikuluzikulu lero. Mwala wa pansi pa nyanja pakati pa Zambia, mwaonatu.

Za zakazo ndiye zimene zimavuta anthu kukhulupirira. Mu garnet muli samarium, kachinthu kamene kamasanduka neodymium mwapang'onopang'ono pa liwiro lodziwika lomwe silisintha, kaya kutenthe kaya kuzizire. Ukayeza kuti katsala kochuluka bwanji ndipo kasanduka kochuluka bwanji, zaka zimatuluka. Kwina amagwiritsa ntchito kambulu kena kotchedwa zircon, momwe yureniyamu amasanduka mtovu, theka lake limatenga zaka 4.47 biliyoni kuti lisanduke. Miyala ya ku Zambia, atayeza garnet wake, inapereka zaka pafupifupi 595 miliyoni, nthawi imene nyanjayo inkatsekeka, zigawo zakale za mtunda zotchedwa Congo ndi Kalahari zikuyandikana kuti zidzakhale mbali ya chimtunda chachikulu cha Gondwana.

Koma apa samalani, ambiri amasokoneza. Chiwerengerocho chikunena nthawi imene garnet anamera mwalawo uli pansi, osati nthawi imene basalt woyambayo anaundana pansi pa nyanja, ameneyo ndi wakale kuposa apo. Zircon ndiye wovuta zedi, kambulu kamodzi kakhoza kukhala ndi mtima wakale ndi khungu latsopano, ukangosakaniza umapeza zaka zopanda tanthauzo, nchifukwa chake masiku ano amalasa ndi laser kamalo kamodzikamodzi. Ine munthu akangonditchulira zaka za mwala osanena kuti wayeza chiyani, ndimayamba ndakayika kaye.

Ndipo miyala ya ku Zambiayi ndi yaing'ono pa zaka. Ku Tanzania, m'dera la Usagara, kuli eclogite wa zaka pafupifupi 2 biliyoni, mmodzi mwa ma eclogite akale kwambiri odziwika padziko lonse, ndipo ngakhale kumpoto kwa Malawi eclogite anapezekako. Madziwo musawafunefune ayi, sanamire ndi miyalayo onse, ambiri anangosefukira ku nyanja zina pamene mitunda inkakumana.