Kodi wokhalira kusuzumira m'makina amachiza ndani?

Kalata yanu inandipeza Lachiwiri, mwana wanga, ndipo ndaiwerenga katatu. Mukuti mwatsala pang'ono kumaliza maphunziro a za labotale, mtima wanu uli pa kafukufuku wa mavairasi ndi chitetezo cha m'thupi, koma bambo anu ku Namwera akufunsa kuti munthu wokhalira kusuzumira m'makina amachiza ndani. Funso la bambo anulo landisowetsa tulo, chifukwa linafunsidwapo kwa ine mu 1997, chaka chimene tinaika achimwene anga m'manda.

Achimwene anali msodzi wa chilimira ku Makawa, munthu wa mapewa otambalala amene ankanyamula yekha injini ya boti. Zinayamba ndi mashingozi, kenako kutsegula m'mimba kosaleka, kenako chifuwa, mpaka lamba wawo tinamuboola mabowo ena atatu ndi msomali. M'mudzi ena ankati ndi kanyera, ena kaliwondewonde, ndipo olimba mtima ankanong'ona kuti ndi matenda a boma. Ine ndinali nditayamba kale ntchito mu labotale ya chipatala china kuno ku Mangochi. Dzina la kachilomboko ndinkalidziwa, magazi ndinkayeza tsiku ndi tsiku, koma zimene ndinkapita nazo kumudzi zinali panado ndi shuga wothira m'phala. Tsiku lina mayi, akuchapa nsalu za wodwalayo kuseri kwa nyumba, anandifunsa osandiyang'ana kuti, "Sukulu yonse ija, iwe sungamuchize mbale wako?" Sindinawayankhe, ndipo mpaka anamwalira yankho lawo sanalimve.

Patapita zaka ndinayamba kuwerenga za mayi wina wa ku France, Françoise Barré-Sinoussi, amene anabadwira ku Paris mu 1947. Iye analowa ku Institut Pasteur, malo ofufuzira za matenda ku Paris, ali wophunzira, ndipo kwa zaka zambiri ankafufuza mavairasi oyambitsa khansa m'mbewa, ntchito imene bambo anu, ngakhale mayi anga, akanaitcha kutaya nthawi. Mu Januwale 1983 madokotala anatumiza ku labotale yawo kachidutswa ka mwanabere kochokera pakhosi pa wodwala wina. Mayiyu anayamba kuweta maselo a kachidutswako, n'kumayeza masiku angapo alionse ngati muli chizindikiro cha mtundu wa vairasi umene ankaudziwa bwino kuchokera ku mbewa zija. Chizindikirocho chinaoneka, kenako chinayamba kuzilala, pakuti maselo aja ankafa. Gulu lawo linathiramo maselo oyera atsopano ochokera m'magazi a munthu wathanzi, ndipo chizindikiro chija chinabwereranso. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu Meyi chaka chomwecho, ndipo kachilombo kameneko ndi kamene lero timakatchula kuti HIV. Maselo amene ankafa m'botolo ku Paris ndi omwewo amene ankatha m'thupi mwa achimwene, amene alangizi athu amawatcha asilikali a m'thupi.

Pamenepa mpamene mtima wanga umawawa. Kachilomboko kanadziwika mu 1983, wodwala woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985, mankhwala ophatikiza amene amabwezeretsa munthu pa miyendo yake anayamba kugwiritsidwa ntchito kumayiko olemera mu 1996, koma ma ARV aulere anafika m'zipatala zathu mu 2004. Achimwene anamwalira mankhwala alipo kale padziko lapansi. Kwa nthawi yaitali ndinkakwiyira ofufuza, koma tsopano ndikunena mosabisa kuti mlandu umenewo si wawo: mankhwala anachedwa chifukwa cha mtengo wake, ndiponso chifukwa atsogoleri ambiri ankachita manyazi kutchula matendawa. Barré-Sinoussi sanatsekeredwe mu labotale. Mu 1985 anapita ku Bangui, ku Central African Republic, ndipo kuyambira pamenepo anagwira ntchito ndi ofufuza a mu Africa ndi ku Asia. Anafufuza momwe kachilomboka kamapitira kwa mwana kuchokera kwa mayi, komanso chifukwa chake anthu ena ochepa kwambiri matupi awo amakapondereza okha popanda mankhwala. Anatsogoleranso bungwe la International AIDS Society kuyambira 2012 mpaka 2014.

Mphoto ya Nobel anailandira mu 2008 pamodzi ndi Luc Montagnier, mkulu wa gulu lawo, patatha zaka 25 chipezereni kachilomboko, ndipo Jean-Claude Chermann, amene anamuphunzitsa ntchito komanso anali m'gulu lomwelo, sanaikidwepo. Nkhani ya mayina osiyidwa imandikhudza mwapadera. Ndinatengapo magazi a anthu mazanamazana m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuwalemba manambala, kuwasunga m'bokosi la ayezi, kuthamanga nawo pa njinga yamoto dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, zonsezo m'malo mwa ofufuza ena amene ankabwera kwa milungu iwiri n'kubwerera kwawo. Pepala la zotsatira za kafukufuku wawo litatuluka ndinalifufuza mzere ndi mzere, koma sindinapeze dzina la mmodzi wa ife amene tinagwira singano. Ndiye mukamandifunsa ngati mtsikana wa ku Namwera ayenera kulowa m'kafukufuku, ine ndimangoona bokosi la ayezi lija. Mangochi asamangokhala malo otengako magazi.

Wina asakunamizeni kuti nzeru zotere zimangochokera kunja. Kafukufuku wa HPTN 052, amene mu 2011 anaonetsa kuti kuyamba msanga ma ARV kumachepetsa ndi 96 peresenti mpata wopatsira mnzako wa m'banja, anachitikiranso ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Chaka chomwecho Malawi anayambitsa ndondomeko ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilomboka ayambe mankhwala a moyo wonse popanda kudikira kuyezedwa CD4, kutanthauza kuchuluka kwa asilikali a m'thupi aja. Chifukwa chimodzi chinali chakuti makina oyezera CD4 sanali paliponse, ndipo ife a mu labotale tinkadziwa kuti amayi ambiri ankabereka zotsatira zawo zisanabwere. Mayiko ena anadzatengera nzeruyo kwa ife.

Nanga muchite chiyani?

Ntchito ya m'chipatala ikapezeka musaikane, chifukwa manja amaphunzirira kumeneko, ndipo bambo anu aonako malipiro. Muli pantchitopo limbikirani masamu a kafukufuku ndi kalembedwe ka malipoti, muziyang'ana mipata imene a Kamuzu University of Health Sciences ndi a bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome amalengeza, ndipo gulu lililonse likakutengani, funsani pachiyambi pomwe ngati dzina lanu lidzaikidwe pa pepala.

Za bambo anu, musakangane nawo. Muwapemphe kuti atchule m'mitima mwawo anzawo a msinkhu wawo amene anadwala chisanafike chaka cha 2004, kenako atchule amene anadwala chitadutsa chakacho ndipo lero akulima fodya ndi chimanga chawo. Akakanabe, ndilembereninso. Msewu wokwera ku Chowe sindiuopa, ndidzabwera ndidzacheze nawo pakhonde.