Dayirekitala wagulitsa masheya ake, nanenso ndigulitse?

Mayi wina wandilembera imelo, akuti anagula masheya a kampani ina pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange (MSE) chaka chatha, ndiye amva kuti dayirekitala mmodzi wa kampaniyo wagulitsa ake ambirimbiri. Akufunsa ngati zimenezi n'zololedwa komanso ngati nawonso athawe.

Mayi, kugulitsa pakokha si mlandu ayi. Masheyawo ndi ake, akhoza kufuna ndalama ya fizi ya mwana ku yunivesite kapena kumalizitsa nyumba ngati wina aliyense. Nkhani ili pa tsiku lomwe wagulitsa ndi zomwe amadziwa tsikulo. Munthuyu amakhala mu bodi, amaona mabuku miyezi isanathe, amadziwa kuti ngongole yaikulu yakanika kubwezedwa kapena kontirakiti yagwa inu musanamve n'komwe, ndiye akagulitsa atanyamula chinsinsi chotero amene wagula uja waberedwa masanasana. Malamulo a zamasheya kuno kwathu amaletsa zimenezi ndipo amene amayang'anira ndi a Reserve Bank.

Ku America zinachitika ku Enron, kampani yaikulu ya zamagetsi ndi gasi. Mu 2001 tcheyamani wa kampaniyo, Kenneth Lay, ankauza ogwira ntchito kuti masheya atchipa gulani, pomwe iye mwini anali akugulitsa ake. Sheya yomwe inafika pafupifupi madola 90 mu 2000 inatsika mpaka osakwana dola imodzi, kampani n'kugwa mu Disembala 2001, anthu penshoni zawo zinapita basi. Jeffrey Skilling, yemwe anakhalapo mkulu woyendetsa kampaniyo, anapezeka wolakwa mu 2006 ndipo umodzi mwa milandu yake unali womwewu wogulitsa masheya akudziwa zam'kati. Zimandiwawa chifukwa amene amalira nthawi zonse ndi wamng'ono yemwe anasunga pang'onopang'ono.

Ndiye musathamangire kugulitsa chifukwa cha mphekesera za pa WhatsApp. Imbirani bulokala wanu, amene amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya, mufunse kuti dayirekitalayo wagulitsa liti, wagulitsa angati ndipo watsala ndi angati. Kenako onani mu nyuzi, kampani ya pa MSE imayenera kulengeza ikaona kuti phindu lisiyana ndi la chaka chatha ndi 20 peresenti kapena kuposa. Ngati wagulitsa zotsatira zitatuluka kale aliyense ataziona, ine sindingade nkhawa kwenikweni. Koma ngati madayirekitala atatu agulitsa motsatizana kutangotsala masabata ochepa kuti chilengezo choipa chituluke, lembani kalata ku MSE ndi ku Reserve Bank, ndipo pa AGM, msonkhano wa pachaka wa eni masheya, muimike dzanja mufunse tcheyamani pamaso pa onse, olo mutakhala ndi masheya 500 okha.