Funsani akatswiri: kodi ana a autism osalankhula tingawafunse bwanji maganizo?

Funso: Ndife achinyamata opanga mapulogalamu a pafoni. Tikukonza pulogalamu yoti mwana wa autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi ena) wosalankhula akadina chithunzi, foni izitchula mawuwo m'Chichewa. Makolo ndi aphunzitsi tinawafunsa kale. Nanga anawo n'kofunikanso kuwafunsa, poti ambiri sayankha?

Yankho: N'kofunika kwambiri, ndipo muwafikire ntchito isanapite patali. Kafukufuku wa Phillips ndi Zhao wa mu 1993 ku America anapeza kuti pafupifupi 29 pa zipangizo 100 zilizonse zothandizira anthu aulumali zinkangosiyidwa, ndipo china mwa zifukwa zikuluzikulu chinali kusamva maganizo a mwini wake posankha chipangizocho. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006, lomwe dziko la Malawi linavomereza mu 2009, limanenanso kuti eni ake, ngakhale ana, azifunsidwa pa malamulo ndi mfundo zowakhudza.

Yambani ndi mapepala, foni idikire kaye. Dulani makadi a zithunzi 6 kapena 8, kumanani ndi mwana mmodzi pa nthawi, mphindi 15 mpaka 20, m'chipinda chimene anachizolowera, wailesi itazimitsidwa, munthu amene amamudziwa ali pambali. Kukatsala tsiku limodzi, muonetseni zithunzi za alendo amene abwerewo. Chilolezo cha kholo chikufunika, koma sichikwanira pachokha: mwana akakankha makadi, kutseka makutu kapena kutuluka, wakana, ndipo muleke.

Funso loti "waikonda?" lingakusokeretseni. Ana ena a autism amabwereza mawu omaliza amene amva, ndiye mukati "ichi kapena icho?" adzati "icho", inu n'kulemba kuti wasankha. Ikani makadi awiri patsogolo pake, onani limene akutenga, kenako asinthanitseni malo n'kuyesanso. Akatenga la kumanja maulendo onse, akutsata dzanja, osati chithunzi.

Pamene akuluakulu amaphonya kwambiri ndi pa mawu. Ife timathamangira "zikomo", "chonde" ndi "pepani", mawu otisangalatsa ifeyo. Mwana akusowa "ayi", "siya", "zikupweteka", "phokoso", "ndikufuna kutuluka". Chipangizo chopanda "ayi" chimangophunzitsa kumvera, ndipo mwana amene sangathe kukana kapena kunena pamene pakupweteka ali pangozi yochitidwa nkhanza. Zithunzinso zikhale za kwawo: nsima, chigumu, kapu yake yeniyeni ya pulasitiki, chimbudzi chofanana ndi cha pakhomo pawo.

Mukafika pa foni, batani lililonse likhale pamalo amodzimodzi nthawi zonse, chifukwa chala chimaloweza malo. Mukalisuntha pokonzanso pulogalamu, mwana amayambiranso kuphunzira. Zothwanima ndi tinyimbo zichoke, kapena pakhale pozimitsira. Pulogalamuyo igwire ntchito popanda intaneti, ndipo makadi a pepala asatayidwe, poti batire limatha.

Pezaninso anthu akuluakulu awiri kapena atatu amene ali ndi autism akhale m'gulu lanu lopanga ziganizo. Bungwe la AASPIRE ku America lakhala likuchita kafukufuku motere kuyambira mu 2006. Atumizireni mafunso olembedwa msonkhano usanachitike, aloleni kuyankha polemba, alipireni nthawi yawo ndi thiransipoti, ndipo pa msonkhano wotsatira muwaonetse chimene mwasintha chifukwa cha mawu awo ndi chifukwa chimene zina simunasinthe.